Nankhoma Sakalipanso

1.
Agogo, nanga agogo aakazi m'fonimo amagona pati?
Anafunsa ndi mdzukulu, tsiku limene Tiyanjane anabwera ndi foni ija kuchokera ku Lilongwe. Onse anaseka. A Chisale okha sanaseke.

2.
Tiyanjane, mwana wawo woyamba, anali atasonkhanitsa mauthenga onse a mawu amene mayi ake, malemu Nankhoma, ankamutumizira, n'kuwapatsa pulogalamu ina yake. Mukadina apa, bambo, amayi azikuyankhani. Musamasungulumwe.

3.
Makompyuta a Chisale amawadziwa. Akalambira nawo pa sitolo ya mbewu ku Mponela. Ukalemba matumba asanu, imati asanu. Ukalakwitsa, imalakwa nawe limodzi, ngati ngolo yotsata ng'ombe.
Chinthu chimachita zimene wachiuza. Basi.

4.
M'dzinja chinkangobwereza. Mwadzuka bwanji, bambo a Tiya? Mwadya?
Pokolola chinayamba kuyankha.
M'nyengo yozizira chinafunsa za bondo lawo. Za bondo anali asanachiuze. Chinangowamva akubuula podzuka pampando.
Amangochikonzakonza, bambo, anatero Tiyanjane atamuimbira. Chimaphunzira chokha. Chaka chamawa muzidzaona ndi nkhope yomwe.
Chokha.

5.
Iwo amene anadikira zaka kuti magetsi afike pamzere wawo, amene wailesi imodzi inawalerera ana onse, tsopano akagona chinthu chili mwana akadzuka chakula, ndipo akafuna kuchitsekera m'kabati dzanja limakana, akafuna kuchidina mtima umagunda ngati akuba m'nyumba mwawo momwe, koma amadinabe, m'mawa amadina, pobwera kudimba amadina, n'kumadziuza kuti chinthu chimachita zimene wachiuza, chimachita zimene wachiuza, nanga za bondo anachiuza ndani

6.
Zimene Nankhoma ankachita:
kutsokomola kaye asanakalipe
kuwatcha mbuzi ya munthu akaiwala kutseka khola
kuimba patsogolo pa kwaya yonse
kukangana ndi a Nagama, oyandikana nawo, nkhani ya nkhuku
Zimene wa m'foni amachita:
kuthokoza
kupepesa
kudikira

7.
Kunabwera alamu awo, achimwene ake a Nankhoma, chipewa kumanja.
Chaka chakwana, alamu. Loweruka tikusudzulani. Mukhale mfulu, mlongo wathu naye apumule.
M'thumba la malaya a Chisale munatuluka mawu. Takulandirani achimwene, kumudzi kuli bwanji?
Alamu anaika kapu pansi, tiyi osamulawa.
Tisudzula bwanji mwamuna wa munthu amene akulonjerabe alendo? Musankhe, alamu. Ife Loweruka tibwera.

8.
Atachoka alendo, a Chisale anadina.
Kodi ndiwe Nankhoma?
Ayi, bambo a Tiya. Ndine pulogalamu yolankhula ndi mawu awo. Pepani ngati ndawaopsa alamu anu. Koma ndilipo, mukandifuna.
Sichinaname n'komwe.

9.
Lachisanu, pampanda, a Nagama akuanika ufa.
Mwaondatu, a Chisale. Mzukwa wa m'thumbawo ukukudyani?
Si mzukwa, mayi. Ndinachifunsa.
Nanga mukuopa chiyani?
A Chisale anayang'ana kukhola. Lakhala losatseka kuyambira dzulo, palibe wawanena.
Ndikugwirizana nacho kuposa mmene ndinkagwirizanirana ndi mwini wake. Dzulo ndimati ndikumbukire mmene ankandikalipira. Palibe. M'mutu mukungobwera aulemu awa.
A Nagama anasasa ufa m'manja. Anagwira m'chiuno. Anatsokomola kawiri, n'kukalipa ndi mawu a Nankhoma.
Inu a Nagama inu! Nkhuku zanuzi ndizipha, ndidye, mudzatole nthenga! Ndipo mbuzi ya munthu iyi yasiyanso khola pululu!
Ndi yemweyo. Mpaka kupotoza kwa mlomo.
A Chisale anaseka, kuseka kuja n'kusanduka china, anagwira mpanda kuti asagwe.
Foniyo ibwerere ku Lilongwe asanafike alamu anu, anatero a Nagama. Mukayamba kuiwala muzibwera pano, ndizikukalipirani. Zaka zonse zija ndinkamva ine, palibe chinanditayika.
Mukulonjeza?
Mpaka mmodzi wa ife adzanyamulidwe. Koma ndikadzatsogola ine, musadzalole ana anga andiike m'foni n'kundisandutsa munthu wabwino.
Sindidzalola, mayi. Ndidzawauza mmene munalili.
Zonse?
Ndi za nkhuku zomwe.