Mapazi a Florida

Basi inafika pa siteji ya Makoni, ku Chitungwiza, itadzaza kale, koma mayi Dorica anadzipanikiza momwemo, mbale ya nkhuku yokazinga ili pachifuwa, yomangidwa bwino ndi chitenje chatsopano. Gordon, mwana wawo wamwamuna, anali pambuyo kuwatchinjiriza ndi chigongono. Linali Lolemba m'mawa, chaka cha 1987.

"Amake Gordon, kutchena konseku ukwati uli kuti?" anafuula Winnet, mnansi wawo wa ku Unit D, ali pansi ndi dengu lake la tomato.

"Ndikukatenga mwana wanga. Madzulo mubwere mudzamuone, koma muyambe mwasamba, ndi wa ku Mangalande ameneyu!"

Mwana ankanenedwayo anali Florida. Kale, nkhondo ili mkati, mayi Dorica ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena ku Avondale, mumzinda wa Harare. Azunguwo pothawa nkhondo anapempha kuti amutenge Florida, kamtsikana kosagula mano komwe, akaphunzire kwawo, ati azidzabwera naye pa tchuthi. Tchuthi chimenecho sichinafike. Kenaka bambo a anawo anamwalira, banja linasamukira ku Chitungwiza, ndipo njira ya uthenga inamera udzu.

Ndiye Lachisanu lapitalo Gordon anabwera kuchokera ku fakitale akuthamanga, nyuzipepala ili m'manja. Munali chithunzi cha atsikana a ku Britain amene anabwera ku Harare kudzasewera tenisi, pa mpikisano umene unkayamba Lolemba. Pakati pawo panali mmodzi wakuda, wa chipsera pansidze. Mayi Dorica sanafune kuwerengeredwa dzina. Chipseracho anachipoletsa okha, tsiku limene mwanayo anagwera pa khasu.

"Mhai, ngatiende mangwana," anatero Gordon, poti iye Chichewa ankangomva, poyankha ankayankha m'Chishona. Ankati apite mawa lomwelo akamufunefune.

"Mawa? Kuti adzalowe m'nyumba ili chonchiyi? Iwe ulibe manyazi eti? Mlendo samulandirira pa fumbi. Mpira wawowo uyamba Lolemba, akathawira kuti?"

Choncho Loweruka lonse mayi Dorica analitha ali chogwada, kupaka polishi wofiira pabalaza mpaka pansi panayamba kuonetsa nkhope. Analamula kuti munthu asapondepo, aliyense azilowera kukhitchini. Lamulungu anakayamika ku tchalitchi, nabwereka mipando kwa amayi a Mvano.

Pa kalabu ya tenisi anapeza magalimoto ndandanda, ndi anthu a zipewa zoyera akulankhula motsitsa mawu ngati pamaliro. Mayi Dorica anayenda bwalo ndi bwalo, kusuzumira pa waya. Atsikana ankamenya mpira, ena aatali, ena ofiira ndi dzuwa, koma wa chipsera pansidze panalibe.

"Gordon, kodi ameneyu amubisa kuti?" anafunsa mokweza.

Bambo wina wachikulire wa ovolosi yobiriwira, amene ankakulunga paipi yothirira, anatembenuka atamva Chichewa.

"Aa, kodi ndinu a kumudzi? Ine ndine Kefasi, wa ku Ntcheu, ndimasamala mabwalowa. Mukufuna yani, mayi?"

Gordon anamuonetsa chithunzi chija. A Kefasi anachiyang'ana, nayang'ana mayi Dorica, kenaka anavula chipewa.

"Khalani pansi kaye, mayi."

"Ndakhala kokwanira m'basi. Nenani."

"Mpikisano umenewu uli ndi khonde ndi nyumba," anayamba a Kefasi. "Osewera a mayina amalowa m'nyumba lero. Koma ana osadziwikawa amayamba alimbana pakhonde, Loweruka ndi Lamulungu, kukanganirana timipata totsala. Wogonja kamodzi, kwake kwatha. Za pakhondezo anyuzipepala salemba. Mwana wanuyu anasewera Loweruka, pabwalo lakumapeto uko. Anagonja."

"Loweruka liti?"

"Dzanali, mayi. Geti linali lotsegula, aliyense akanalowa. Mabenchi anali okhaokha."

Mayi Dorica anamva mawu onse bwinobwino, koma sanawalowe. Anangoona kuti mfundo ya chitenje yapendekeka, nayamba kuikonza. Gordon ndiye anagwira mutu n'kunena yekha, m'Chichewa chake chopindika, "Safunsa anadya phula."

"Nanga tsopano ali kuti?" anafunsa mayi Dorica.

"Funsani uyo, ankagona naye chipinda chimodzi," anatero a Kefasi, akuloza.

Pansi pa mtengo wa jakaranda panakhala mtsikana wachizungu woonda, atavula nsapato imodzi, akumata pulasitala pa matuza a kuphazi. Dzina lake anali Sofia. Mayi Dorica Chingerezi cha kukhitchini ankachidziwa, koma tsiku limeneli chinawathawa, moti Gordon ndiye ankamasulira.

"Florida wanyamuka m'mawa uno pa ndege, wapita ku Kenya," anatero Sofia. "Kumeneko kuli mpikisano wina, ndipo akayambiranso pakhonde pomwepo. Tinabwera gulu kuchokera kwathu, koma palibe ndi mmodzi yemwe walowa. Ine ndagonja dzulo. Timangotero, dziko ndi dziko. Kufika, kugonja, kumanga chikwama."

Ankalankhula osakweza kapena kutsitsa mawu, maso ali pa phazi lake. Kenaka anadzutsa mutu n'kuwayang'anitsitsa mayiwo pansidze ndi pamphuno.

"Ndinu amayi ake?"

Mayi Dorica anagwedeza mutu.

"Mpikisano uno anausankha chifukwa cha inu. Loweruka, mpira ukangofa, iye maso kumabenchi. Ndinamukalipira kuti ayang'ane mdani wake, koma ayi. Dzulo ndinamuperekeza ku Avondale, kunyumba imene munkagwirako ntchito. Anaikumbuka ndi mtengo wa mapeyala. Muli anthu ena tsopano, ndipo dzina lanu sanalimvepo. Anaima pageti nthawi yaitali, kenaka anati mwina munabwerera ku Malawi, mwinanso munamwalira."

Gordon anamasulira zonse kupatula mawu omalizawo. Sizinathandize, mayi ake anali atawamva okha.

Mayi Dorica anayembekeza kuti misozi ibwera, poti pa maliro a anthu achilendo omwe iwo ndiwo ankayambitsa kulira. Koma m'maso munali gwa, ndipo mumtima munalibe chisoni kapena ukali, munangoti zii. Kuseri kwa mpanda anthu anawomba m'manja pang'ono, n'kusiya.

"A Kefasi, ndionetseni pamene anaima."

Anawatsogolera ku bwalo lakumapeto, pafupi ndi dzala la udzu wotchetcha. Linali bwalo la dothi lofiira, losalala ngati pabalaza pawo paja. Mayi Dorica analowa, nawerama, maso ali pansi. Ankafuna aone ngakhale phazi lokha, adziwe kuti mwana wawo wakula kufika pati.

"Pepani, mayi," anatero a Kefasi chapansipansi. "Timakoka chiguduli m'mawa uliwonse, n'kuthirira. Ndi lamulo la pano. Ndikanadziwa ndikanasiyako pangodya."

"Mwagwira ntchito yanu, bambo. Mwasesa bwino."

Anabwerera pa jakaranda paja, namasula chitenje, n'kuika mbale pamiyendo ya Sofia.

"Muuze adye. Taonani mikono ngati bango, angamenye mpira wanji ameneyu? Amake ali kuti?"

Sofia atamva funsolo anaseka pang'ono, kuseka kopanda kanthu mkati. Anati amayi ake akudziwa kuti iye ali mu Africa, koma dziko lake lenileni ayi. Kenaka anatenga ntchafu nayamba kudya mwachangu, ngati munthu amene wagona ndi njala. Gordon anabwereka cholembera kwa a Kefasi, nalemba nambala ya nyumba ndi Unit D pa chikwama cha mtsikanayo. Sofia anati iye tenisi yamukwana, akubwerera kwawo, ndipo kumene Florida amakhala sakudziwa, poti osewera ngati iwo kwawo ndi m'chikwama. Koma akadzakumana adzamuonetsa. Mayi Dorica anangodikira kuti amalize kudya, natenga mbale yawo.

M'basi yobwerera anapeza mpando wa pawindo. Anatsika pa Makoni dzuwa litapendeka, nayenda wapansi mpaka ku Unit D.

Pakhomo anapeza mipando yobwereka ija itandandalikidwa pabwalo, amayi a Mvano atakhalapo ndi mipango yawo yoyera. Winnet anali atasambadi, mpaka wadzola ndi mafuta. Atangowaona pakona anaimirira, dzanja lili pakamwa kuti ayambe nthungululu, koma anasuzumira kumbuyo kwa Gordon n'kuona msewu wokhawokha. Dzanja linatsika pang'onopang'ono.

"Amake Gordon, nanga mlendo?"

"Anabwera Loweruka. Ine ndinali kupaka polishi."

Mayi Dorica anadutsa pakati pa mipandoyo, natsegula chitseko cha kumaso chimene chinali chotseka chiyambire Loweruka. Pabalaza panali pong'anima, popanda phazi ndi limodzi lomwe. Anaima pakhomopo kanthawi, mbale yopanda kanthu ili m'manja.

Amayi aja anayamba kuvula nsapato kuti alowe akawapepese.

"Musavule," anatero mayi Dorica. "Lowani nazo choncho. Pondani."