Khomo la Pafupi ndi Nsanja

Minibasi inachedwa kudzaza pa Limbe, ndipo Filomena ndi Ignasio atafika ku holo ya ku Chilomoni anapeza anthabwala atayamba kale.

Filomena ankaikonda holo yakale ija, ya njerwa zofiira, mazenera ataliatali ndi mabenchi oterera chifukwa chokhalidwa zaka zambiri. Koma amene anaimanga anaika khomo pafupi ndi nsanja, moti aliyense wochedwa amalowa maso onse ali pa iye. Chibwenzi chawo chinali chamseri, ndipo Ignasio anali asananenepo pagulu kuti Filomena ndi ndani wake.

Chitseko chinalira. Wanthabwala, bambo wamfupi wa jekete lofika m'mawondo, anasiyira nkhani yake panjira.

"Takulandirani, abwana! Timadikira inuyo. Nanga chiphadzuwachi ndi ndani wanu? Musati mchemwali ayi, amuna a mu Blantyre muno achemwali achuluka!"

Holo yonse inafa nalo phwete. Filomena anaona amayi ena a kwaya ya kutchalitchi kwawo ali kutsogolo, makosi atatalika. Anazolika, kudikira bodza la Ignasio.

Ignasio anamugwira dzanja. "Ameneyu ndi Filomena. Amalume anga akupita kwawo mwezi wamawa kukafunsira mbeta."

"Eee! Mwiniwakeyo munamuuza?"

"Wamvera limodzi ndi inu."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, ndipo anthu anasendera kuwapatsa malo. Filomena anakhala pansi. Nthabwala zotsatira sanazimve bwinobwino, koma anaseka zonse.