Mabaluni a pa Ukwati wa Ella

Dzina langa ndine Habiba, ndimakongoletsa malo a maukwati. Kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza, mukafunsa za nsalu, maluwa ndi mabaluni, dzina langa silichedwa kutuluka. Ndagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi ziwiri popanda wondinyoza pagulu, kufikira pa ukwati wa Ella mu Okutobala chaka chatha.

Ella ndinakula naye mudzi umodzi ku Chipoka. Kwawo ndi a tchalitchi, kwathu ndi a ku mzikiti, koma amayi athu ankayanika usipa pa thandala limodzi. Atandipempha kuti ndimukongoletsere, ndinavomera ndi mtima wonse. Sindinadziwe kuti wolamula zonse adzakhala azakhali ake, a Lilian, ochokera ku Lilongwe.

A Lilian anafika Lachisanu masana ndi silinda ya heliyamu, mpweya wopepuka uja umene umaulutsa mabaluni. Anaibwereka mtauni, ndipo dalaivala ankayenera kubwerera nayo tsiku lomwelo.

"Popa onse tsopano lino," anatero.

"Mayi, phwando ndi mawa masana. Heliyamu sagona m'baluni. Pofika mawa adzakhala atatuluka."

"Atulukira pati, kukamwa kuli komanga? Iwe popa."

Ndinapopa, n'kuwamangirira pa matebulo.

Loweruka ndinalawirira, kamphepo ka kunyanja kakadali kozizira, kukamanga khomo lolowera akwati. Limeneli linali la mabaluni a mpweya wamba, wa pampu. Ndimawasiya ofewa pang'ono, ndipo khomolo ndinaliika pansi pa mtengo wa mango. A Lilian atabwera anatsina baluni imodzi n'kukwinya nkhope.

"Afewa bwanji ngati matimati otsala pamsika? Ndipo pamthunzi pano zithunzi zioneka chiyani? Lipite kutsogolo kwa tenti."

"Mayi, kumeneko kuli dzuwa tsiku lonse. Tikawalimbitsa m'mawa uno, masana aphulika. Dzuwa la kuno si la ku Lilongwe."

"Ukwati ndi wa mwana wanga kapena wako?"

Anandilanda pampu. Iwo ndi atsikana awiri operekeza mkwatibwi anamasula mabaluni anga amodziamodzi n'kuwapopa mpaka kunyezimira. Kenako anakokera khomo lonse padzuwa. Ndinangoima, manja ali m'chiuno.

Akwati anachoka ku tchalitchi cha m'ma wani koloko. Nthawi imeneyo mchenga unkawotcha ngakhale utavala nsapato. Mabaluni a heliyamu anali atagwa kale, akugubuduzika pakati pa mbale, makwinya okhaokha. Ella ndi mwamuna wake atangofika pakhomo paja, baluni ya pamwamba inaphulika. Phwaa! Ina inatsatira, kenako zitatu nthawi imodzi. Ana anayamba kulira. Amayi a mkwati anataya mbale ya mpunga. Achinyamata kumbuyo anafa nalo phwete, mafoni ali m'mwamba.

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pomwepo. Koma anthu atakhala pansi, a Lilian anatenga chimkuzamawu.

"Alendo athu, mutikhululukire. Ife tinkafuna wokongoletsa wa mtauni, koma tinamvera chisoni mwana wa m'mudzi muno. Ndiye watigulira mabaluni ovunda. Komanso nanu mukudziwa, ena mnzawo akamakwatiwa iwo akadali mbeta, mtima suwayera."

Maso onse anatembenukira kwa ine. Amayi anga anali pomwepo, atavala nsalu yawo ya pa Idi, ndipo ndinawaona akugwetsa nkhope. Mutu wanga unatentha. Zingwe zonse za nsalu za m'tentimo ndinamanga ndine, ndipo ndinkadziwa mfundo imodzi yoti ndikanaimasula denga lonse la nsalu likanawagwera pamutu. Dzanja linkandiyabwa. Koma nditayang'ana Ella, ndinaleka.

M'malo mwake ndinapita kwa ankhoswe a kuchikazi, a Wilson, bambo wachikulire amene ankakonza mainjini ku doko asanapume.

"Bambo, ndiitanireni azakhali aja kuseri kuno. Mukapanda kutero ndikalankhula ndekha kutsogoloko."

Anawaitana. A Lilian anabwera akudzikupiza ndi pulogalamu ya ukwati.

Ndinatulutsa mabaluni awiri otsala m'paketi momwe munachokera a pakhomo aja. Ndinawapopa molimba ngati mmene anachitira iwo m'mawa. Imodzi ndinaiika m'bokosi la madzi oundana momwe munali zakumwa, n'kutseka. Inayo ndinaimangirira pa boneti ya galimoto yakuda ya akwati, imene inali padzuwa.

"Sukulu ndinalekezera Fomu 4," ndinatero, "koma Fizikisi ndinakhoza. Mpweya ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, mamolekyu, ndipo sitikhala chete. Timathamanga uku ndi uku n'kumagunda khoma la baluni. Kugundako ndiye kumene kumaitukumula. Kukatentha timathamanga kwambiri, timagunda pafupipafupi ndiponso mwamphamvu. Dzuwa lomwelo limafooketsanso labala. Baluni yofewa ili ndi malo otambasukira. Yolimba kale ilibe."

"Nanga a heliyamu aja bwanji sanaphulike? Si anali pamalo omwewo otentha?" anafunsa a Lilian, akuona ngati andigwira.

"Aja anali m'kati mwa tenti, ndipo munawapopetsa dzulo. Tinthu ta heliyamu n'topepuka, ta mpweya wamba n'tolemera. Kutentha kukakhala kofanana, topepuka timathamanga kwambiri, tolemera timayenda pang'onopang'ono, koma tikachuluka mofanana timakankha khoma mofanana. Kusiyana kwake n'koti labala ili ndi timabowo tosaoneka. Usipa umapulumuka pa ukonde umene kampango amakodwa. Heliyamu ndi wamng'ono komanso wa liwiro, ndiye wakhala akutuluka kuyambira dzulo."

Ndisanatseke pakamwa, ya pa boneti ija inaphulika. A Lilian anadzidzimuka mpaka pulogalamu inagwa. Ndinatsegula bokosi n'kutulutsa inzake. Inali itafewa, yozizira ngati chule. Ndinaiika m'manja mwa a Wilson, ndipo tikuyang'ana inayamba kukhutanso pang'onopang'ono.

"Paketi ndi imodzi," ndinatero. "Yovunda ndi iti?"

A Wilson anagwedeza mutu. "Mwanayu akunena zoona. Matayala a minibasi amaphulika chimodzimodzi pa tala wotentha, akawadzazitsa m'mawa."

A Lilian anatola pulogalamu yawo, n'kuisasa fumbi.

"Ndiye kuti iwe umadziwa kuti aphulika."

"Ndinakuchenjezani kawiri, dzulo ndi lero!"

"Kundiuza unandiuza, koma sunandiletse. Katswiri weniweni akanakana. Wandichititsa manyazi dala."

Munthu wondilanda pampu m'manja, lero akuti sindinamuletse! Ndinatembenukira kwa a Wilson.

"Bambo, chipongwe chinanenedwa pa chimkuzamawu. Chilungamo chinenedwenso pomwepo. Amayi anga amve."

Anakanda m'mutu, akuyang'ana kutenti kumene nyimbo zinali zitayamba.

"Mwana wanga, ukunena zoona, koma lero ndi tsiku la Ella. Tisaononge ukwati. Tikambirana pambuyo."

Ukwati usaonongeke, koma dzina langa lionongeke. Pambuyopo sipanafike. A Lilian anavina mpaka phwando kutha, Lamulungu m'mawa n'kubwerera ku Lilongwe.

Kanema wa mabaluni akuphulika, pamodzi ndi mawu a azakhali aja, anazungulira m'mafoni Salima yense. Za kuseri kwa tenti palibe anajambula. Sabata yomweyo mabanja awiri amene ndinkayenera kuwakongoletsera anandiimbira kuti apeza wina. Mayi wina pa depoti ya minibasi anandiloza ndi mlomo, n'kuuza mnzake kuti, "Ndi uja wa nsanje uja."

Ella anabwera kwathu patatha masiku khumi, atanyamula nkhuku. Anakhala pa mphasa pafupi ndi amayi anga n'kulira. Anati a Wilson anamufotokozera zonse, koma azakhali ake ndi amene anamulera ali ku sekondale, sangawatsutse pagulu. Ndinamuuza kuti iye ndilibe naye chifukwa, ndipo sindinaname. Amayi anaphika nkhukuyo, tinadyera limodzi.

A Wilson, mwina chikumbumtima chikuwavuta, anayamba kuifotokoza nkhaniyi kwa anzawo a pa bawo, ndipo akuti amaonjezera kuti baluni ya pa boneti inamveka mpaka ku siteshoni ya sitima. Ntchito inayamba kubwerera cha mu Disembala. Woyamba kundiitana anali mayi wina wa ku Khombedza. Tisanakambe za mitundu ya nsalu ndinamufunsa ngati mkwatibwi ali ndi azakhali mtauni. Anati alipo atatu, ndipo onse akubwera.