Tsamba Lililonse Likhale ndi Make

Mbewu ya kachewere ya gulu la alimi la Tiyanjane, ku Tsangano, inali itatulutsa mphukira zazitali ngati zala, ina itayamba kufota m'matumba. Mvula yodzalira inali pakhomo. Aliyense ankadziwa kuti anthu akangodzala, mbewu yotsalayo palibe adzaifunsenso, ndipo thukuta la mabanja makumi atatu lidzathera kudzala.

Amene ankasowa nazo mtendere kwambiri anali Hortência, mlembi wa gululo. Ndiye anauza anzake kuti akakhala ndi saiti pa intaneti, ogula azibwera okha. Saitiyo anaipangadi, yokongola bwino. Koma pomanga panabuka nkhani. Mlimi aliyense ankafuna tsamba lakelake, ndipo a Policarpo, apampando a gulu, anagamula poyera.

"M'gulu muno mulibe wamkulu, mulibe wamng'ono. Tsamba la munthu lisakhale pansi pa la mnzake ayi. Onse pamzere umodzi!"

Anthu anaomba m'manja. Hortência anandandalika masamba makumi atatu ndi asanu ndi limodzi pamndandanda wolowera: mbiri ya gulu, nyemba za a Policarpo, zithunzi za ulendo wa ku Tete, kabichi wa a Lina, mpakana m'munsi. Tsamba la mbewu ya kachewere linakathera kumchira kwenikweni, dzina lake "Za m'nkhokwe yachiwiri".

Tsiku lina Hortência ali m'chapa, bambo wina amene anakhala naye mpando umodzi anayamba kudandaulira anthu onse m'galimotomo. Anali a Cipriano, ogulitsa mbewu ku Furancungo.

"Abale, ndinamva kuti a Tiyanjane ali ndi mbewu yabwino. Ndakanda foni mpaka chala kutentha! Ndaona nkhope za anthu, ndaona kabichi, mbewu osaipeza. Basi ndakagula kwina. Amene anapanga saiti imeneyi, ngati kunyumba kwake nakonso n'chimodzimodzi, ndiye kuti mchere amasunga mu nsapato."

Chapa yonse inafa ndi phwete. Hortência nayenso anasekerera, nanga akanatani? Koma manyazi anamugwira zedi, moti anabisa foni yake m'chikwama.

Atatsika sanapite kwawo. Analunjika kwa a Felizardo, aphunzitsi a makompyuta amene anamuphunzitsa ntchitoyi. Iwo anayang'ana mndandanda uja, n'kugwira pakamwa.

"Mana Hortência, mchemwali wanga, ana onsewa mwawasiya pabwalo opanda mayi?"

"Mayi wake uti, aphunzitsi?"

"Tandiuzani, mlendo akafika kwanu kufuna mwana wa mchemwali wanu, amayenda khomo ndi khomo kuitana dzina la mwanayo?"

"Ayi. Amafunsa kuti kwa amayi akutiakuti n'kuti. Akafika pakhomopo, mwanayo amupeza."

"Ndi zomwezo. Pachipwitikizi timati página mãe ndi página filha, tsamba lamayi ndi tsamba lamwana. Pamndandanda wolowera muike amayi ochepa okha: Kachewere, Nyemba, Ndiwo zamasamba, Za gulu lathu, Tipezeni. Munthu akadina Kachewere, apeze ana ake: wa mbewu, wodya. Dzina la tsamba likhale lomwe wogula angalitchule pamsika. Komanso musachite kufika kwa zidzukulutudzi. Munthu akadina katatu osapeza, amachoka."

Anamuonetsa kabokosi kam'mbali kosankhirapo mayi wa tsamba lililonse. Ntchito yake inali yosavuta n'komwe. Chovuta chinali a Policarpo.

Loweruka pamsonkhano, Hortência atangofotokoza, apampando anadzuka ndi ukali.

"Ine, munthu wa imvi zanga, ndikhale mwana wa nyemba? Zosatheka! Ingolembani mbewuyo ndi zilembo zikuluzikulu, muithire utoto wofiira, ogula aiona."

"Nanenso zanga zikhale zofiira!" anakuwa a Lina ali kumbuyo. Ena atatu anavomerezana nawo.

A Felizardo, amene anabwera monga mlendo, sanatsutsane ndi munthu. Anangopereka foni yawo kwa apampando mwaulemu.

"Bambo, tiyerekeze kuti inu ndinu wogula wochokera kutali. Tatipezereni mbewu ya kachewere."

A Policarpo anavala magalasi. Anakanda, anakandanso. Anatsegula zithunzi za ku Tete, n'kubwerera. Anatsegula kabichi wa a Lina, n'kutsonya. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Chabwino, mbewuyo isiyeni. Pezani tsamba lanu lomwe," anatero aphunzitsi.

Kalanga ine, ngakhale nyemba zawo zomwe zinawasowa! Anali atazidumpha kalekale pothamangira m'munsi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo mapeto ake a Policarpo nawonso anaseka, akupukuta magalasi ndi malaya.

Apa Hortência analimba mtima. "Bambo, kukhala pansi pa mayi si kunyozeka. Pamsika paja nyemba zanu mumakhala nazo kumzere wa nyemba, ndipo palibe ananenapo kuti mwachepa. N'kumene ogula amakupezani."

A Policarpo anabweza foni ija kwa aphunzitsi. "Konzani, mwana wanga. Mbewu ikutifera m'nkhokwe ife tikulimbirana mipando pafoni."

Madzulo a tsiku lomwelo mndandanda unatsala ndi mayina asanu okha. "Za m'nkhokwe yachiwiri" inasanduka "Mbewu ya kachewere", pansi pa make Kachewere, ndipo nambala ya Hortência inali pompo.

Panadutsa masiku anayi, foni ili zii. Mitambo inayamba kuda chakumapiri, ndipo Hortência mtima unali m'mwamba. Lachinayi m'mawa akusesa pakhomo, foni inalira.

"Bom dia! Ndine Fátima, wa gulu la amayi kuno ku Chidzolomondo. Ndadina Kachewere, ndadina Mbewu, ndakupezani. Ilipobe? Tikufuna yonse imene ili yabwino, galimoto tapeza kale."

Hortência anataya tsache n'kululuta yekhayekha pabwalo, nkhuku zonse balala!

Galimoto itabwera, anasankha mbewu. Matumba anayi anali atafota kale, ndipo amenewo anakatayidwa kudzala ndithu. Otsala onse anakwera. Anthu akumanga zingwe, a Policarpo anafika wefuwefu, foni ili m'manja. Munthu wina wa ku Furancungo anali atawaimbira kufunsa nyemba.

"Hortência," anatero monong'ona, "chaka chino ndalimanso nandolo. Kodi ameneyu make angakhale ndani?"

Phunziro: Pokonza saiti, ganizirani mlendo amene sakudziwani. Ikani mitu ikuluikulu yochepa pamwamba, masamba ofanana akhale pansi pa mutu wawo, ndipo muwatche mayina amene anthu amagwiritsa ntchito. Musanalengeze, patsani munthu wina foni kuti ayese kufufuza. Akasochera iyeyo, wogulanso asochera.