Manati Anayi a Thanki ya a Merv

Galaja yanga ili kumapeto kwa tauni yathu, pamene phula limathera. Aliyense wolowera kumadzulo amadutsa pakhomo panga, ndipo ena amabwerera pomwepo atakokedwa ndi chingwe. Dzina langa ndine Desley. Ndagona pansi pa magalimoto a anthu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo pakamwa panga sipanazolowere kunyengerera kasitomala.

A Merv Tolhurst anafika Lachinayi m'mawa pa lole yawo ya positi, akazi awo a Noelene ali pambali, thanki yatsopano ya dizilo ili kumbuyo ataikulunga m'bulangeti ngati khanda. Kwa zaka makumi anayi a Merv akhala akuzungulira mafamu a ng'ombe sabata iliyonse, kugawa makalata, buledi, mankhwala ndi miseche. Ndi ulendo wa masiku awiri, makilomita mazana asanu ndi awiri. Tsoka ilo, pampu ya dizilo yomwe inali pakati pa njirayo inatsekedwa mwini wake atasamukira kwa ana ake ku mzinda wa Cairns, ndipo thanki imodzi ya loleyo singamalize ulendo. Miyezi itatu mkuluyo anavutika ndi zigubu, kunyamula ndi kuthira, mpaka msana unakana. Apo a Noelene anagamula mlandu: thanki yachiwiri ilowe pansi pa lole pofika Lachiwiri, apo ayi positi ipite kwa wina.

"Uiwotcherere ku chasisi, Desley," anatero a Merv akusisita thankiyo ndi kuloza chimango chachitsulo cha pansi pa lole. "Isadzagwedezeke mpaka Yesu adzabwere."

"Ndikaiwotcherera ing'ambika musanafike pageti lachitatu la m'mafamu anu aja."

"Iwe, ndinayamba kuyenda msewu umenewu usanamere mano."

"Ndiye mukuudziwa. Msewu wa mizeremizere ngati lata uja umapotokola chasisi uku ndi uku. Thanki mukaigwira gwa, imathetheka m'misoko. Ikhala pa malamba awiri achitsulo, mphira pakati, izipuma."

Anaganiza pang'ono, akuthamangitsa ntchentche kumaso. "Chabwino. Koma pamwamba pake tikulungepo kawaya ka mpanda, kongowonjezera."

Amuna akuno ndi waya wa mpanda, mayo ine. Akanatha akanamangira nawo ndi mabanja awo omwe. Pa lole ya a Merv ndinawerenga malo khumi ndi amodzi ogwiridwa ndi waya, kuphatikizapo galasi loonera kumbuyo ndi chitseko cha kumanzere. Ndinawauza kuti waya ukangokhudza thanki yanga, ndiwakhomerera iwowo ku chasisi.

Ntchito inatenga tsiku lonse ndi m'mawa wa Lachisanu. Sindiboola chasisi mwachisawawa, choncho zitsulo zonyamulira thanki ndinazipanga molingana ndi mabowo omwe analipo kale. Mphira ndinadula ku lamba wakale wa kumgodi wa ku Mount Isa, amene ndimasunga kuseri kwa galaja. Thankiyo ndinaikweza kuti miyala isamaipeze, pansi pake ndinaika chitsulo chochinga, ndipo pakati pa iyo ndi ekizozi ndinasiya mpata woti dzanja lizilowa, chifukwa udzu waminga wakuno ukaunjikana pamenepo lole imayaka ngati chibiriti. A Merv ankandipatsira masipanala, kawirikawiri olakwika.

A Noelene anakhala pa kireti mumthunzi ndi botolo la tiyi ndi masikono, atavala diresi lawo lobiriwira la m'tauni. Ola lililonse ankaweramira pansi pa lole.

"Siikwana, eti Desley?"

"Ikwana, mayi."

"Hmm. Uyang'anitsitse. Mwina siikwana."

Tonse tinkadziwa mbali imene mayiwo ankasapota. Ankafuna mwamuna wawo pakhonde, akuthirira tomato.

Thanki inakwana. Ndinaidzaza madzi a pachitsime, tinapita ndi lole kukaigwedeza kukhwawa kuseri kwa bwalo la mahatchi, ndipo sipanagwe ngakhale dontho. Tinakhuthula madziwo, ndinaiumitsa. Makiyi akadali m'thumba mwanga, a Merv anali kale pa chiwongolero, akuimba mluzu, mano onse ali panja.

"Tsikani kaye," ndinatero. "Kwatsala lamulo."

Lamulo la galaja yanga aliyense amalidziwa, ngakhale a Merv ankayembekeza kuti ndiwakhululukira. Mphira yoikidwa kumene imafinyika ikayenda makilomita zana oyamba, malamba n'kukhwepa. Pamenepo munthu amayenera kuima, kulowa pansi, ndi kumanga manati anayi, kenaka n'kumawaona ulendo uliwonse. Ndinaonapo thanki ya munthu itagona pamsewu ngati ng'ombe yakufa, mwini wake ali pansi pa mtengo masiku awiri. Kuyambira pamenepo galimoto situluka pakhomo panga munthu woyenda nayo asanandionetse kuti angathe kulowa, kumanga ndi kutuluka yekha. Ndipo timachitira pafumbi, osati padzenje lokonzera magalimoto la m'galaja, chifukwa kutchire kulibe dzenje.

"Zimenezo n'za ana," anatero a Merv. Anatenga sipanala, anagwada bondo limodzi, kenaka linalo, mawondo akulira ngati mageti a m'mafamu awo aja. Anagona chagada n'kudzikankha ndi zidendene mpaka kunja kunangotsala nsapato. Tinamva sipanala ikugwira ntchito, nati yoyamba, yachiwiri, mpaka yachinayi.

"Mwaona?" mawu anachokera pansi.

"Taona. Tulukani tsopano."

Nsapato zinapalasa fumbi. Zinaima. Zinapalasanso.

"Ndikuyang'anako kaye ekizoziyi," anatero a Merv. "Yaikidwa bwino ndithu."

Tinadikira. A Noelene anathira tiyi wina m'kapu koma sanamwe. Khwangwala anatera padenga n'kuyamba kutukwana monga mwa nthawi zonse. Patapita mphindi zisanu a Merv anali atatamanda ekizozi, masipuling'i ndi chitsulo chochinga chija, ndipo zotamanda zinawathera.

"Desley," anatero motsitsa. "Ndikoke."

Tinawakoka miyendo, ine uwu a Noelene uwo. Anatuluka ali psuu ndi fumbi, anatsamira tayala, akupuma ngati athamanga. Poyamba ndinafuna kuseka, koma nditawaona m'maso kuseka kunabwerera m'mimba.

"Msana wangouma chifukwa cha kukhala," anatero. "Ndiyesenso mawa."

"Mawa kuli ine wokukokani. Nanga pa makilomita zana kuli ndani? Dzuwa la mwezi uno, pansi pa lole, galimoto yotsatira ikudutsa Lachisanu. Ayi, a Merv. Makiyi sindikupatsani."

Zinandiwawa kunena zimenezo, ndisaname. Mkulu ameneyu anandibweretsera kalata yanga yoyamba ndili mwana kufamu, ndipo masipeya a galaja ino theka anabwera pa lole yomweyi. Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati nthawi yaitali, n'kufunsa kuti ndani akawauze anthu a kufamu yomalizira, poti gogo wa kumeneko salandira mankhwala ake m'manja mwa munthu wachilendo. 

"Basi, Noelene," anatero. "Mwawina. Kagulenitu mbewu ya tomato."

Ndinayembekeza kuti mtima wa mayiwo ukhala pansi. M'malo mwake anaika kapu pa kireti, anavula magalasi n'kuwaponya m'chikwama chawo cha m'manja, chikwamacho n'kuwaikira amuna awo pamiyendo.

"Tagwirani ichi, mdala inu. Desley, kamasule manati aja."

"Mayi, diresi lanulo."

"Ndati kamasule."

Ndinalowa, ndinawamasula, ndinatuluka. A Noelene, zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, anapinda diresi m'mawondo, anagona pafumbi n'kutsetserekera pansi pa lole mosavuta ngati akufuna silipasi pansi pa bedi.

"Kumanga n'kupita kuti?"

"Kumanja. Mpaka mphira iyambe kutupa pang'ono m'mbali, osapitirira."

"Musagunde mutu ku ekizozi," anatero a Merv.

"Khalani chete inu, munaiona kale ekizozi yanuyo."

Anamanga onse anayi. Anatuluka chafutambuyo, anagwira tayala, n'kuimirira okha, tsitsi lili ndi girisi mbali imodzi. Ndinalowa kukayesa manatiwo. Anali bwino kuposa mmene anamangira amuna awo, koma zimenezo sindinanene.

"Lamulo lako limati womanga akhale woyendetsa?" anandifunsa akudzikung'untha.

"Limati akhale munthu wa m'galimotomo."

"Ndiye wapezeka."

A Merv anangoti kakasi. "Inu? Inu amene mumati fumbi limakuyetsemulitsani? Masiku awiri, Noelene. Sabata iliyonse. Mageti makumi atatu, ndipo amatsegula ndi wokhala kumanzere."

"Ndidzatsegula. Ndipo chitseko chawaya chija mukonze, sindikufuna kukagwera m'khwawa."

"Koma inu ndi amene mumafuna ndisiye."

A Noelene anawayang'ana, anawapukuta fumbi pamphuno monga amachitira mayi ndi mwana. Mawu awo anatsika, ndipo ine ndinayamba kufunafuna chinthu chosadziwika m'bokosi la zida.

"Positi yanuyo sindinadane nayo tsiku ndi limodzi lomwe. Ndinkaopa kuti mudzafera nokha kumeneko, ine ndili pawindo kudikira fumbi la lole. Ngati vuto ndi manati anayi, ndizimanga ine."

A Merv anali atakumbatira chikwama cha akazi awo pachifuwa ndi manja onse awiri, misozi ikudula tinjira m'fumbi la kumaso kwawo. Ndinatulutsa makiyi m'thumba n'kuwapereka kwa a Noelene.