Chipeso M'dzanja Lamanzere

Amayi atatuluka m'chipatala, tsitsi lawo linali litamangana mfundo zokhazokha kunkhongo konse. Miyezi iwiri anagona chagada chifukwa cha sitiroko, ife tikungotanganidwa ndi mankhwala, osaganizako za chipeso. Dzanja lamanja linafooka, ndipo mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anayamba kubisala. M'mawa uliwonse ankandikodola kuti ndiwamange mpango, ndipo alendo akagogoda ankafuna ndiname kuti agona.

Awa ndi amayi amene anagwira ntchito pakauntala ya positi zaka makumi atatu, tsitsi lofika m'mapewa, lakuda bii. Bambo anga malemu ankaseka kuti amuna ena ankabwera kudzagula sitampa alibe ndi kalata yomwe. Choncho ndinalumbira kuti tsitsi limenelo silidulidwa. Ndinkakhulupirira kuti likabwerera mwakale, eni ake nawonso abwerera pakati pa anthu.

Ndinayesa ndekha kaye. Ndisanapite kuntchito ndinkawakhazika pampando, mafuta apa, chipeso apa. Koma ine ndine wopupuluma, ndikuvomera, ndipo manja anga anazolowera kunyamula makatoni kusitolo. Ndinathyola zipeso ziwiri, amayi akungotsinzina, misozi ikutsika mwakachetechete. Ndinaona kuti pakufunika saluni.

Mlamu wanga, amene amadziwa masaluni kuposa khitchini yake, anatilozera ina ya pamwamba pa sitolo ya nsapato. Masitepe ake tinakwera mphindi khumi, amayi atandikoloweka dzanja m'khosi. Mkati munali magalasi khoma lonse, nyimbo zili m'mwamba. Mtsikana wa zikhadabo zitalizitali anawavula mpango asanawapatse ndi moni yemwe, anthu onse akuona, n'kuitana mnzake kuti adzaone.

"Anti, apa palibe chochita," anandiuza. "Tingometa, muwagulire wigi. Tili nawo abwino."

"Kodi amamva?" anandifunsa mnzakeyo.

Zimene ndinayankha sindizilemba pano. Ndinawamanganso mpango, tinatsika masitepe athu.

Saluni yachiwiri inali pansi, koma mwini wake anandilonjeza kuti amasula zonse ola limodzi ndi mankhwala owongolera tsitsi, maso ali pafoni. Munthu wosayang'ana mutu umene akuulonjeza sindingamupatse amayi anga. Tinabwerera kunyumba, ndipo tsiku limenelo amayi anakana kudya.

Amene anatithandiza ndi nesi wowachititsa mafizo. Anati tipite kuseri kwa malo otsukira magalimoto, tikafunse Mayi Dikirani. "Koma mupite tsiku loti mulibe kwina kopita," anatero akuseka.

Titafika, ndinataya mtima. Kachipinda kamodzi, mipando iwiri, beseni la pulasitiki, galasi long'aluka pakona. Mayi Dikirani anali munthu wamfupi, wonenepa, magalasi amaso akulendewera pachingwe. Ankamalizitsa kuluka kasitomala wina mosafulumira, moti ndinayang'ana wotchi kanayi. Kasitomalayo atatuluka, iwo anatseka chitseko n'kukoka katani.

Ndinayamba nthawi yomweyo. "Tsitsili lisadulidwe. Ndikufuna mulimasule, kaya zitenga..."

"Dikirani, achemwali," anatero, ndipo ndinadziwa kumene dzina lija linachokera.

Anakoka kampando, anakhala moyang'anizana ndi amayi, mawondo kugundana.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhire monga ndinazolowera, koma Mayi Dikirani anandikwezera chala osandiyang'ana. Tinadikira. Panja munthu ankathira madzi pagalimoto.

"Nda... swera," anatero amayi.

"Ndingavule mpangowu?"

Amayi anagwedeza mutu. Mayi Dikirani anauvula, anaupinda bwinobwino, koma tsitsilo sanalikhudze. Anatenga chipeso cha mano akuluakulu n'kuchiika m'dzanja lamanzere la amayi.

"Ine sindigwira mutu wa munthu ndisanaone mmene mwini wake amapesera," anatero. "Kuno mubwera tsiku limodzi, koma masiku enawo mutuwu mukhala nawo nokha. Tandionetsani."

Amayi anakweza chipesocho. Chinafika pachipumi, chinalowa pang'ono, n'kukodwa. Anayesa pamwamba pa khutu, chinakodwanso. Kunkhongo dzanja silinafike n'komwe. Ine ndinali nditaima kale kuti ndiwalande.

"Kumasula ndingamasule," anatero Mayi Dikirani, akulankhulabe ndi amayi. "Zitenga masiku awiri, ndipo mwina theka lipulumuka. Koma ndisakunamizeni, tsitsi lalitali limafuna manja awiri. Inuyo mukufuna chiyani?"

"Ndiziwapesa ine," ndinalowerera. "Tsiku lililonse. Si vuto."

Amayi anapukusa mutu. Milomo inagwedera kwa kanthawi, kenako liwu linatuluka lomveka bwino kuposa onse amene ananena chidwalireni.

"Dulani."

"Amayi, tsitsi lanu lija? Zaka zonsezi?"

Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munalibe mkwiyo. Ankapuma pakati pa mawu.

"Umandisambitsa. Umandiveka. Umandidyetsa." Anameza malovu. "Mutuwu... ndisiyireko."

Ndinachita manyazi, manyazi otentha mpaka m'makutu. Ndinakwiyira mtsikana wa zikhadabo uja chifukwa cholankhula za amayi ngati palibe, chonsecho ine mwana wawo ndinawazunguza masaluni atatu osawafunsapo ngakhale kamodzi chimene ankafuna. Ndinakhala pansi pampando wachiwiri uja.

Mayi Dikirani sanagwiritse mashini. Anadula ndi sizasi, mfundo imodziimodzi, n'kumasiya tsitsi lotalika ngati chala. Akadula pang'ono ankaima, n'kupereka chipeso kwa amayi. Pamene chakodwa ankachepetsanso. Kunkhongo, kumene dzanja silifika, anafupikitsa kwambiri kuti kusamafune chipeso. Ntchito ya mphindi makumi awiri inatenga maola awiri, ndipo wotchi sindinaiyang'anenso. Ndinkangoona tsitsi likugwa pasimenti, lakuda losakanikirana ndi imvi, ndipo ndinalira osabisa. Mayi Dikirani anandiponyera thaulo.

Atatsuka ndi kupaka mafuta, anatembenuzira mpando kugalasi. Nkhope ya amayi inaoneka yaing'ono, makutu ali poyera, ndipo ndinaona kuti ndimafanana nawo kuposa mmene ndinkaganizira. Anadziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lamanzere, Mayi Dikirani n'kuikamo chipeso.

Anayambira pachipumi kupita kumbuyo, pang'onopang'ono, chipeso chikudutsa osakodwa. Pamwamba pa khutu lamanja panatsala katsitsi kataima njo. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti likakonze. Ndinalibweza, n'kulikhalira. Amayi anakaona pagalasi katsitsiko, anayesa kawiri osakafikira, ndipo kachitatu anakagoneka okha.