Sokosi ya Kuseri kwa Makina

Makina oumitsira zovala a kwa bambo ake ankazungulira ndithu, phokoso lili lomwe lija, koma zovala zinkatuluka zili zii, zonyowa ngati zavumbwidwa ndi mvula. Chitsiriza, yemwe ntchito yake inali yokonza zamagetsi, anafika Loweruka m'mawa ndi chikwama cha zipangizo, mtima uli m'mwamba. Achimwene ake anali atanena kale pafoni kuti madala sangathenso kukhala okha. Zikapezeka kuti makinawo awaononga ndi iwo, awatenga azikakhala nawo, nyumba igulitsidwe.

Anawapeza bambowo m'kachipinda kochapira, ali pampando wawo wathabwa pafupi ndi makina, bulangete lili pamaondo.

"Afa basi amenewa," anatero bambowo. "Atsatira mwini wake."

"Musafulumire kulira maliro, bambo. Tione kaye."

Anazula pulagi, n'kukankha makinawo kuwachotsa kukhoma. Fungo la sopo linamubweza ku ubwana, pomwe iye ndi achimwene akewo ankalimbirana kukumbatira matawulo otentha akangotuluka, mayi awo akukalipa kuti awadetsa, kwinaku akuseka. Mayiwo anamwalira chaka chatha, koma kachipindaka kanali kadakali kawo. Ngakhale zopanira zovala panalibe amene anazisuntha.

Anamasula chivundikiro chakumbuyo. Fyuzi inali bwinobwino. Atayeza waya wotenthetsa, wopindikapindika uja, mita yake yoyezera magetsi sinagwedezeke n'komwe, ndipo atasuzumira anaona pomwe unadukira, pakuda bii. Watsopano anali atabwera nawo kale, poti matenda a makina otere ankawadziwa. Koma waya sungopsa wokha, pamakhala chaupsetsa.

Chinali pansi pomwepo. Paipi yotulutsira mpweya kunja inali yozula, ndipo potulukira mpweyawo panali patamangidwa sokosi yaitali ya mayi ake, itatupa ndi fumbi la zovala mpaka kulimba gwa. Kutentha kunalibe kolowera.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

Madalawo anaseka mwamanyazi. "Nzeru za amayi ako zimenezo. Ankati kutentha konseku kuzingotayikira panja bwanji, maondo a amuna awo akuphwanya? Ndiye anazula paipi, n'kumanga sokosi kuti fumbi lisatilowe m'mphuno. Ine ndinkakhala apa, iwo apo akupinda zovala, tikujeda anthu."

"Nanga munaikutumulako liti?"

"Kodi imakutumulidwa?"

Chitsiriza anagwidwa chisoni. Ndiye kuti zaka zonsezo mayi ankaichotsa fumbi mwakachetechete, bambo akungomva kukoma kwa kutentha osadziwa kanthu. Anachitanso mantha, poti nyumba ikanatha kupsa madala ali momwemo.

Anachotsa waya wakufawo, n'kulowetsa watsopano, kulumikiza mawaya awiri obweretsa magetsi ndi kutseka chivundikiro. Kenako anabwezera paipi m'malo mwake, monga momwe ntchito imafunira. Atayatsa, makina anatentha bwino lomwe, koma kutentha konse kunkapita panja. Bambo anatambasulira manja kuseri kwa makinawo, n'kudikira. Anadikirabe.

"Wakonza bwino, mwanangu," anatero, akukokera bulangete m'mwamba.

Zimenezo Chitsiriza sanathe kuzipirira. Anazimitsa, anazulanso paipi ija, n'kupita panja kukakutumula sokosi mpaka kuyetsemula. Atabwerera anaimanga pomwe inali.

"Koma tipangane, bambo. Muziyatsa ine ndilipo. Loweruka lililonse ndizibwera, zovala muzisunga mpaka tsikulo."

"Miseche uli nayo koma?"

"Yodzadza chikwama."

Makina atangoyambanso kulira, foni nayo inalira. Anali achimwene ake.

"Wapeza chiyani? Aononga okha, eti?"

Chitsiriza anayang'ana bambo ake. Anali atavundukula maondo, maso ali chitsinzinire, mpweya wofunda ukuwawomba.

"Ayi, achimwene, waya unangokalamba," anatero. "Bambo asiyeni pakhomo pawo."